Phiri Lobisika Pansi pa Nyanja ya North Sea

 Nkhani imene ndadza nayo ndi ya kutali, ku nyanja yozizira ya North Sea imene yagona pakati pa Norway ndi Britain; koma popeza palafini wa m'nyali ndi dizilo wa m'chigayo zonse zichokera ku mafuta otuluka pansi pa nthaka, ndiyesa kuti sikulakwa kufunsa kuti kodi anthu okumba mafutawo amadziwa bwanji poyenera kuboola, pamene chinthu chimene akuchifunacho chagona makilomita atatu pansi, kumene diso la munthu silidafikeko ndi kale lonse.

Ndiyambe ndi kalata ina. M'chaka cha 1958 akatswiri a bungwe la boma la Norway loona za miyala ndi nthaka adalembera unduna wa nkhani zakunja, nanena mosakayika kuti za malasha, mafuta kapena sulufule pansi pa nyanja ya m'mbali mwa dziko lawo, boma lisaziwerengere n'komwe. Sadali anthu opusa ayi. Adaweruza monga mwa miyala imene ankaiona kumtunda, miyala yakalekale yolimba gwa, imene mafuta sakhalamo, ndipo adayesa kuti pansi pa madzi ndi chimodzimodzi. Koma chaka chotsatiracho ku Groningen, m'dziko la Netherlands, kudapezeka gasi wochuluka koposa, ndipo amalonda a mafuta adayamba kufunsana kuti ngati matanthwe osunga gasi afika mpaka m'mphepete mwa nyanja, chowaletsa n'chiyani kupitirira pansi pa nyanjayo? Mu 1962 kampani ya ku America, Phillips Petroleum, idapempha kuti ipatsidwe yokha chilolezo cha chigawo chonse cha Norway. Boma lidakana, ndipo mu Meyi 1963 lidalengeza kuti pansi pa nyanjapo ndi chuma chake chonse n'za dziko. Chitsime choyamba chidabooledwa mu 1966, ndipo zidatsatira zina zambiri, zina zouma, zina za mafuta ochepa osabweza ndalama. Pofika mu 1969 a Phillips adali atatopa nafuna kuleka; koma popeza chombo chawo choboolera, Ocean Viking, akadachilipirabe ngakhale chikadangokhala, adati tiyeni tiboole kamodzi kotsiriza. Pa 23 Disembala chaka chimenecho adadziwitsa boma kuti apeza mafuta pa malo otchedwa Ekofisk, makilomita ngati 300 kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda wa Stavanger, pa madzi akuya mamita 70 okha. Ndipo mu Juni 1971 mafuta adayamba kutuluka.

Tsono pa nyanja yaikulu chotere, yofanana ponseponse, chidawaimika pamenepo n'chiyani? Adaima pamenepo chifukwa mapepala awo adawaonetsa kuti pansipo matanthwe adatukumuka. Kuti timvetse chifukwa chake kutukumuka kwa thanthwe kuli nkhani yaikulu kwa wofuna mafuta, tiyenera kuchotsa m'mitima mwathu ganizo limene ambiri tili nalo, lakuti pansi pa dziko pali nyanja ya mafuta, kapena phanga lalikulu lodzaza nde, loti munthu akaliboola angotunga. Kulibe phanga lotero. Mafuta amakhala m'kati mwa mwala weniweniwo, m'timipata tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Ku Ekofisk mwalawo ndi wa choko, woyera ndi wofewa, umene udapangika zaka pakati pa 60 miliyoni ndi 70 miliyoni zapitazo kuchokera ku tizigoba ta tizomera ta m'madzi, timene tinkafa ndi kumira, mibadwo ndi mibadwo, kufikira tidaunjikana mamita mazanamazana; ndipo popeza tizigobato sitidapanikizane kotheratu, gawo limodzi mwa magawo atatu a mwalawo ndi mpata chabe, pena kuposa apo. Mafutawo sadabadwire m'chokomo. Adachokera pansi pake, m'matope akuda a zaka ngati 150 miliyoni, odzaza ndi zamoyo zovunda, amene adaphikidwa ndi kutentha kwa m'kati mwa dziko. Ndipo pokhala opepuka kuposa madzi a mchere odzaza m'matanthwe, adakwera pang'onopang'ono, kutsata ming'alu, kufunafuna potulukira. Pansi pa zonsezi pali mchere wakale koposa, wa zaka zopitirira 250 miliyoni, umene ukalemedwa ndi katundu wa pamwamba pake umayenda ngakhale uli wouma, nutupa pamalo pena. Ndiwo udakankha mwala wa choko kuti utukumuke. Pamwamba pake pali dongo lokhuthala losalola kanthu kudutsa.

Mayi akavundikira beseni m'madzi a padziwe, mpweya wotsekeredwa m'katimo sungathe kuthawa, pakuti kumwamba kwatsekedwa ndipo pansi pali madzi. Koma akalipendeketsa pang'ono, kapena beseni likakhala lobooka, mpweya wonse utuluka. Momwemonso mafuta a ku Ekofisk: adakwera nafika m'thanthwe lotukumukalo, dongo lidawatsekera kumwamba, madzi adawachinga pansi, ndipo adakhala momwemo, pa malo a masikweya kilomita pafupifupi 50, kuchokera pamwamba pa mafuta kufika pamene payambira madzi mamita ngati 300. Chifukwa chake wofuna mafuta ayenera kudziwa maonekedwe a phiri lobisikali: nsonga yake ili pati, m'mphepete mwake muli pati, ndi pati pamene lidasweka.

Njira yodziwira zimenezi, imene akatswiri amaitcha seismic, maziko ake ndi chinthu chimene aliyense woweta ng'ombe m'tsinde mwa phiri achidziwa, chakuti ukafuula moyang'ana thanthwe mawu ako amabwerera, ndipo thanthwe likakhala patali amachedwa kubwerera. Chombo cha Titanic chitamira mu 1912, Reginald Fessenden adapanga makina otumiza phokoso m'madzi, ndipo mu 1914 adamva nawo liwu lobwerera kuchokera ku phiri la madzi oundana. Mu Juni 1921, pafupi ndi Oklahoma City, John Clarence Karcher ndi anzake adaphulitsa dainamaiti m'nthaka, namva kubwerera kwa phokosolo kuchokera ku matanthwe a pansi. Zotsalazo zakhala ntchito ya zaka 100 yonola chida chomwecho.

Taonani mmene ichitikira panyanja masiku ano. Chombo chimayenda mzere wowongoka, mosafulumira, makilomita 8 kapena 9 pa ola, chikukoka m'madzi mfuti zachitsulo zimene zilibe chipolopolo kapena onga, koma mpweya wopanikizidwa kwambiri. Ndipo chikayenda mamita 25, ndiko kuti pakapita masekondi ngati khumi, mfutizo zimatulutsa mpweyawo pamodzi, phu! ndipo kugunda kwake kumatsika m'madzi, kulowa m'matope, kupyola thanthwe ndi thanthwe. Paliponse pamene mtundu wina wa mwala walekezera ndi wina wayambira, monga pa malire a dongo ndi choko, kagawo kochepa ka phokosolo kamabwerera kumwamba, lotsalalo n'kumapitirirabe. Kumbuyo kwa chombo kuli zingwe zazitali makilomita 6 kapena kuposa, khumi kapena kupitirira zoyenda motsatana m'mbali, ndipo m'kati mwa chingwe chilichonse muli tizipangizo zikwizikwi tomvera phokoso, tolemba nthawi imene liwu lililonse lafika. Usana ndi usiku, milungu ndi miyezi, chombocho chimapita ndi kubwerera, mzere ndi mzere. Ndinene pano mongodutsa kuti phokosoli si laling'ono kwa zokhala m'madzi: asodzi a ku Norway adadandaula kuyambira kale kuti nsomba zimathawa, ofufuza adapeza kuti dandaulo lawo lili ndi mutu, ndipo malamulo a dzikolo amafuna kuti pa chombo chotere pazikhala munthu wodziwa za usodzi; ndipo ponena za anamgumi, mfutizo amaziyamba motsitsa kuti nyama zipeze nthawi yochoka.

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tizipangizo tija sitiyeza kuya. Timayeza nthawi yokha. Chimene chalembedwa n'chakuti liwu lidapita ndi kubwera m'masekondi akutiakuti. Koma kuti masekondiwo asanduke mamita, munthu ayenera kudziwa liwiro limene phokoso lidayenda nalo m'njira monse, ndipo liwirolo silifanana. Mumpweya phokoso limayenda mamita 340 pa sekondi, m'madzi mamita 1,500, m'dongo lofewa mamita ngati 2,000, mumchere wa pansi pa nthaka mamita 4,500. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ngati matanthwe a pamwamba amanyamula phokoso pa liwiro la mamita 2,000 pa sekondi, ndipo liwu labwerera patapita masekondi atatu, ulendo wonse ndi mamita 6,000. Koma popeza ulendowo ndi wopita ndi wobwera, thanthwe lili pa mamita 3,000. Kumeneku ndiko kuya kwa choko wa ku Ekofisk, poyerekeza. Masamuwa ngosavuta, mwana wa sukulu angathe. Chovuta ndi nambala ija ya 2,000, imene palibe adaiona ndi maso.

Akatswiri ali nayo nzeru yoipezera. Liwu lopita ku kachipangizo ka pafupi ndi chombo limatsika ndi kukwera chowongoka, pamene lopita ku mapeto a chingwe limayenda chopingasa, njira yaitali, nilichedwa. Ndipo poyerekeza kuchedwa kumeneku, kachipangizo ndi kachipangizo, liwiro la m'matanthwe limadziwika moyandikira. Palinso phindu lina. Popeza chombo chikuyendabe ndi kuwomberabe, malo amodzi omwewo a pansi amamvedwa kambirimbiri kuchokera mbali zosiyana. Ndipo maliwu onsewo akawongoledwa ndi kuphatikizidwa, phokoso lachabe la mafunde ndi la injini limazimirira, pamene liwu loona la thanthwe limakula, monga mlandu ukhazikika pakamwa pa mboni zambiri. Njira imeneyi adaikonza ndi Harry Mayne m'zaka za m'ma 1950. Kenaka kompyuta imabwezera liwu lililonse pamalo pake, chifukwa thanthwe lopendekeka silibweza phokoso kuchokera pansi penipeni pa chombo, koma kuchokera chapambali, ndipo wosakonza zimenezi angajambule phiri lotambalala kuposa mmene lilili.

M'masiku a Ekofisk woyamba, zonsezi zinkathera pa tebulo lalitali. Chombo chinkakoka chingwe chimodzi, mizere yake yotalikirana kilomita imodzi kapena zingapo, ndipo mzere uliwonse unkasindikizidwa pa pepala lalitali lodzaza ndi timizere takuda topindikapindika. Womasulira ankawerama pa pepalalo ndi mapensulo amitundumitundu, nasankha mzere wakuda umodzi umene akhulupirira kuti ndiwo mutu wa choko, naupaka chikasu, nautsata ndi diso kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pamene mzerewo wadukiza n'kuonekanso pansi pang'ono, ankalemba mng'alu ndi pensulo yofiira. Pofika pamene mizere iwiri ya chombo idapingasana, ankapinda pepala lina n'kuligundanitsa ndi linzake, kuti aone ngati chikasu chake chikumana ndi chikasu. Chikapanda kukumana, ndiye kuti wasochera penapake, ndipo ankafufuta n'kuyambanso. Pomaliza ankalemba manambala a nthawi pa mapu, nalumikiza ofanana ndi mizere yozungulira, ndipo phiri linkaonekera pa pepala. Koma pakati pa mzere wina wa chombo ndi unzake padalibe chomvedwa chilichonse. M'menemo dzanja la munthu linkangodzaza monga mwa nzeru zake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndikhulupirira kuti anthu a mapensulo aja adayenera ulemu woposa umene amalandira.

Mapu oyamba a Ekofisk adaonetsa chinthu chodabwitsa. Phirilo lidakwera bwinobwino mbali zonse, koma pakati penipeni, pamene payenera kukhala nsonga, lidaoneka lotitimira, ngati kuti denga lake lidagwera m'kati; ndipo pamalo pomwepo mizere idali yosokonekera, yosawerengeka. Anthu anzeru adamasulira monga adaonera, kuti pakatipo pali chigwa chachikulu, ndipo kukadakhala kotero, gawo labwino la mafuta silikadakhalapo. Koma m'zaka za m'ma 1970, zitsime zitabooledwa chapakatipo, mwala wa choko udapezeka pamwamba kuposa mmene mapu adanenera, wodzaza ndi mafuta. Ming'alu ilipo ndithu, koma kutitimira kwakukuluko kudali kwa pa pepala.

Chidanamiza akatswiri n'chiyani? Kwa zaka mamiliyoni, gasi wakhala akuthawa pang'onopang'ono kuchokera pa nsonga ya phirilo, nalowerera m'matanthwe a pamwamba pake. Ndipo gasi, ngakhale wochepa, amachedwetsa phokoso kwambiri ndi kulimwaza. Tibwerere ku masamu athu. Thanthwe lili pa mamita 3,000, koma chifukwa cha gasi liwiro latsika kuchoka pa 2,000 kufika, tinene, pa 1,900. Liwu tsopano libwerera patapita masekondi 3.16, osati atatu. Munthu wosadziwa za gasiyo awerengabe ndi 2,000 wake uja, napeza mamita 3,160, ndipo motero wakumba chigwa cha mamita 160 ndi pensulo yokha, pamalo pamene palibe chigwa. Makina sadaname, nthawi imene adalemba idali yoona. Cholakwika chidali chimene munthu adaganiza za njira imene mthengayo adadzera. Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo liwu lobwerera ndi kandimverere woposa onse: timamtuma kumene ife sitingafike, ndipo pobwera sanena zimene zidamchedwetsa m'njira.

Chifukwa chake mapu a seismic sakhala okha popanda chitsime. Chitsime chikabooledwa, amatsitsamo kachipangizo komvera, nakaimika pa kuya kodziwika, nawombera pamwamba. Apo nthawi ndi kuya zimadziwika zonse ziwiri, ndipo liwiro silikhalanso loganizira. Amatulutsanso zidutswa za mwala weniweniwo, zobulungira ngati paipi, naziyeza mipata yake. Koma chitsime chimanena zoona za malo opapatiza kwambiri, ndipo panyanja chimadya madola mamiliyoni ambiri. Seismic imanena za dera lonse, koma mosaona bwino. Ndi kusaona bwino kotani? Phokoso limene limatha kutsika makilomita atatu ndi kubwerako ndi la mawu okhuthala okha, pakuti mawu opyapyala amathera m'njira. Funde limodzi la phokoso lotero ndi lalitali mamita ngati 100, ndipo chigawo cha mwala chochepera mamita 25 sichioneka pachokha, mutu wake ndi tsinde lake zimasakanikirana. Nyumba yosanja kasanu ikhoza kubisala m'mzere umodzi wa pa pepala. Ntchito yonse ya womasulira ndiyo kukwatitsa mboni ziwirizi, yoona pafupi ndi yomva patali.

Mwina wina wa inu akuti, nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife a kuno? Njira yomweyi idayendapo pa nyanja yathu. M'zaka za m'ma 1980 gulu la ofufuza a ku yunivesite ya Duke ku America, lotsogozedwa ndi Bruce Rosendahl, lidakoka zingwe zomvera pa Nyanja ya Malawi, ndipo lidapeza kuti pansi pake pali matope ndi mchenga zosanjikizana kuya makilomita angapo, zodulidwa ndi ming'alu yaikulu ya chigwa chimene nyanjayo yakhalamo. Mu 2005 asayansi adaboola pa madzi akuya pafupifupi mamita 600, nalowa m'matope mamita 380, osati pofuna mafuta, koma pofuna mbiri ya mvula ndi chilala. Ndipo matopewo adavomereza chimene mizere ya seismic idalozera, chakuti kalekale madzi a m'nyanjayi adaphwerapo mamita mazanamazana. Ku Uganda, m'chigwa cha mtundu womwewo, m'mbali mwa nyanja ya Albert, mafuta adapezeka mu 2006. Koma mukamva munthu akunena kuti mapepala aonetsa mafuta, mumfunse modzichepetsa kuti chitsime chili pati. Pakuti matope okhuthala ndi thanthwe lotukumuka ndi chiyembekezo chabe, ndipo ku North Sea komweko matanthwe ambiri otukumuka bwino adapezeka odzaza ndi madzi a mchere.

Tibwerere ku Ekofisk, pakuti phirilo lidali lisanathe kuphunzitsa eni ake. Chakumapeto kwa 1984 antchito a pa nsanja zotulutsira mafuta adazindikira kuti pokwerera maboti, pamene kale padali pouma, payamba kumira. Ndipo atayeza, adapeza kuti pansi pa nyanja patsika mamita pafupifupi atatu, ndi nsanja zonse zoimapo zatsika nawo. Chifukwa chake chidali ichi: mafuta opanikizika m'timipata ta choko ankathandiza kunyamula katundu wa matanthwe a makilomita atatu, mafutawo atachotsedwa, katundu yense adatsamira pa tizigoba tofewa tija, ndipo tidayamba kuphwanyika. Walira mvula walira matope. Nsanja zotsika zili pa ngozi ya mafunde aakulu a m'nyengo yachisanu. Motero mu Ogasiti 1987 amisiri adadula miyendo yachitsulo ya nsanja zingapo zolumikizana, nazikweza pamodzi ndi majeke oposa 100, naikapo zidutswa za mamita 6, ntchito imene sidachitikepo kwina kulikonse pa ukulu wotero. Chaka chomwecho adayamba kupopera madzi a m'nyanja m'thanthwemo, kuti akankhe mafuta ndi kubwezera mphamvu yotayikayo. Madziwo adakankha mafuta bwino koposa mmene ambiri adayembekezera. Koma adabweretsanso vuto lake, pakuti choko wonyowa ndi madzi a m'nyanja amafooka, ndipo kutsikako kudapitirira, kufikira pakati pa malowo pansi pa nyanja padatsika mamita oposa 9, zitsime zina zidapindika ndi kutsekeka, ndipo mu 1998 padatsegulidwa nsanja zatsopano zazitali. Komabe ndisabise mbali inayo: kuphwanyika komweko kumafinya mwala ndi kutulutsa mafuta. Poyamba ankayembekeza kutenga magawo 17 okha pa 100 a mafuta a m'phirimo. Lero akunena za theka ndi kupitirira.

Pamenepa funso lidasintha. Silidalinso lakuti phiri laoneka bwanji, koma lakuti m'kati mwa phirimo mukuchitika chiyani chaka chino: madzi opopedwawo afika pati, ndi pati pamene adutsa mothamanga m'ming'alu n'kusiya mafuta m'mbali, ndi pati pamene mwala waphwanyika. Mu 1989 malo onse adawomberedwa mwa njira yatsopano, ya mizere yoyandikana kwambiri, yotalikirana mamita makumi ochepa chabe, kotero kuti kompyuta idatha kumanga chithunzi chathunthu cha matanthwe, chimene munthu angachidule mbali iliyonse imene afuna, choimirira kapena chogona, popanda mipata yodzaza ndi dzanja. Mu 1999 adawomberanso, ndipo adabwerezanso mu 2003, 2006 ndi 2008; ndipo pochotsera chithunzi chakale pa chatsopano, zonse zosasintha zimafafanizika, n'kutsala zokhazo zimene zasintha. Pamene madzi alowa m'malo mwa mafuta, mphamvu ya liwu lobwerera imasintha. Pamene choko waphwanyika, matanthwe a pamwamba pake amatamuka potsata kutsikako, phokoso limachedwa m'menemo, ndipo liwu limafika mochedwa ndi timagawo tochepa ta sekondi yogawidwa pa 1,000. Taonani, kuchedwa komwe kuja kudasocheretsa anthu a mapensulo ndiko tsopano kukufunidwa ndi kuyezedwa mosamala.

Koma kuyerekeza zithunzi ziwiri kumafuna kuti zijambulidwe mofanana ndendende, ndipo chingwe cha makilomita 6 chokokedwa m'madzi sichimvera munthu. Mafunde amachikhotetsa lero kumanzere, zaka zitatu zikubwerazo kumanja, ndipo kusiyana kochokera ku chingwe kumasakanikirana ndi kusiyana kochokera ku thanthwe. Anansi a Ekofisk a ku Valhall, malo ena a choko a pafupi pomwepo, mu 2003 adayala zingwe zokhazikika pansi pa nyanja. Mu 2010 kampani ya ConocoPhillips, imene idalowa m'malo mwa Phillips, idachita chimodzimodzi ku Ekofisk: zingwe za makilomita 200, zonyamula uthenga ndi kuwala m'timitsempha tagalasi, zidakwiriridwa m'matope a pansi pa nyanja pa dera la masikweya kilomita 60, ndi malo omvera pafupifupi 4,000. Makutuwo sasunthanso; chombo chimangobwera ndi mfuti zokha, ndipo m'malo modikira zaka zitatu, kuwombera kudayamba kuchitika kawiri pa chaka.

Pa malo omvera aliwonse pali tizipangizo tinayi, kamodzi komva kupanikiza kwa madzi, titatu tomva kugwedezeka kwa nthaka, chokwera ndi cha m'mbali zonse ziwiri. Ndipo pali chifukwa chake. M'mwala mumayenda mitundu iwiri ya mafunde: ena amakankha chamtsogolo, ena amagwedeza cham'mbali. Oyambawo ndiwo amamvedwa ndi zingwe zoyandama, ndiwonso amavutika ndi gasi. Achiwiriwo sayenda m'madzi konse, motero chingwe choyandama sichingawamve. Koma popeza amatsata mafupa a mwala osasamala chimene chadzaza m'timipata, amadutsa m'dera la gasi osasokonezeka kwambiri, ndipo khutu logunda pansi penipeni pa nyanja limawalandira. Ndi mafunde amenewa, pamodzi ndi makompyuta amphamvu owerengera liwiro la phokoso kachigawo ndi kachigawo, dera lamdima lija, limene lidaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Ekofisk, lakhala likuchepa, ngakhale silidathe.

Pamene chitsime chatsopano chikukonzedwa lero, m'chipinda mumakhala katswiri wa miyala, katswiri wa seismic, ndi injiniya woona za kayendedwe ka mafuta, akuyang'ana chithunzi chimodzi. Wina aloza kamzere kopapatiza pakati pa zitsime ziwiri zopopera madzi, pamene zithunzi zotsatizana sizionetsa kusintha, nati apa madzi sadafike, mafuta akadalipo. Wina achenjeza kuti pamwamba pake matanthwe atamuka kwambiri, chitsime chodzera pamenepo sichikhalitsa, ndi bwino kuchilambalalitsa. Akagwirizana, oboola amatsika makilomita atatu, napinda chitsimecho kuti chigone, nachiyendetsa cham'mbali m'kati mwa choko mtunda wa kilomita kapena kuposa, kutsata kamzere kaja. Ndipo chimene apeza m'menemo, mafuta kapena madzi, chimabwezedwa kwa ojambula kuti akonze mapu. Ndipo ntchitoyi ikadali ndi nthawi, pakuti boma la Norway lidawonjezera chilolezo cha Ekofisk mpaka chaka cha 2048.